Mmene a Mesenjala Analowetsera Ng'ombe mu Sitalaka

A Mesenjala anasiya umesenjala zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koma dzinalo linakana kupuma nawo pa ntchito. Zaka makumi awiri ndi zitatu anayenda m'makonde a ofesi atakumbatira mafayilo, akugogoda pa zitseko ndi chala chimodzi, akuyankha kuti "wawa bwana" ngakhale kwa munthu amene wangotsokomola. Tsiku lotsanzikana anawapatsa wotchi yapakhoma ndi envelopu ya ndalama. Wotchi ija inaima patangotha sabata ziwiri. Ndalama zija anagulira ng'ombe.

Mlandu wonse ngwa mlangizi wina wa nsapato zowala, amene anabwera pa msonkhano ndi chithunzi cha ng'ombe ya mawanga akuda ndi oyera. Iye anati ng'ombe ya mkaka ndi banki yoyenda ndi miyendo inayi, m'mawa ukatapako, madzulo ukatapako. Chimene mkulu ameneyu anaiwala kunena n'chakuti banki imeneyi imadya. Imadya ngati yatumidwa. Ikamaliza imagona pansi n'kuyambanso kutafuna zomwe yadya kale zija, kuti aliyense aone kuti pakamwa pake sipadziwa tchuthi.

A Mesenjala anaimangira khola la simenti pansi, malata atsopano pamwamba, pamene khitchini ya mayi akunyumba inkadontha ngati sefa. Mayiwo anaima pakhomo la kholalo manja ali m'chiuno, n'kuti, "Ohoo, ndiye mwatibweretsera dona pakhomo pano." Basi dzina linakhala lomwelo. Dona.

Ndipo Dona anali dona zenizeni. Tambala akadaganiza zoti alire kapena ayi, a Mesenjala amakhala ali kale m'khola ndi fosholo, akupala ndowe. Akatero atsuke pansi. Akatero atenthetse madzi otsukira bere, chifukwa Dona ukamukhudza ndi madzi ozizira amakuyankha ndi mwendo wakumbuyo. Kansalu kopukutira mawere kanali koyera kuposa malaya awo a ku tchalitchi. Ndiye akhale pa kampando kamiyendo itatu, chipumi atatsamiritsa pa mimba ya Dona, n'kuyamba: tsooo, tsooo, tsooo, mpaka thovu litafika kukamwa kwa ndowa. Malita khumi ndi anayi pa tsiku, m'mawa ndi madzulo kuphatikiza. Pamene bambo akukama, mayi amakhala ali kudambo ndi chikwakwa, akumweta nsenjere, n'kubwera atasenza mtolo woti munthu akamauona patali amaganiza kuti tchire laphunzira kuyenda.

Mkakawo amausefa, kuuthira m'chigubu, kumanga pa njinga ndi malamba a chubu, ulendo wa ku thanki. Ku thanki n'kumene alimi onse a mkaka amakatula. Ndi kanyumba ka chipinda chimodzi, m'kati muli thanki lalikulu loziziritsa mkaka limene limang'ung'udza tsiku lonse ngati mpongozi wosakhutira. Pakhomo pamakhala a Kalaliki, ovala jombo zoyera, ali ndi kagalasi kakatali koviika mu mkaka kuti aone ngati mwathiramo madzi. Pa zaka zonsezi kagalasi kameneka sikanawagwirepo a Mesenjala ngakhale kamodzi, ndipo nkhani imeneyi amainena paliponse: pa ukwati, pa maliro, pa mzere wa kuchipatala, ngakhale kwa munthu amene wangowafunsa njira.

Vuto linali mtengo. Mtengo wa mkaka amaika ndi kampani imene imatumiza lole kudzakoka mkaka mu thanki muja. Kampaniyo palibe anaionapo nkhope. Imayankhula kudzera m'mapepala omata pa chitseko. Madeya akwere, mchere ukwere, mankhwala a nkhupakupa akwere mpaka kufika kumwamba kwa angelo, koma mtengo wa mkaka umangokhala pansi phee, ngati wodwala msana.

Lolemba lina a Mesenjala anapeza pepala latsopano pa chitseko. Anavala magalasi. Anawerenga. Anavula magalasi, anawapukuta, anawerenganso, kuti mwina vuto ndi fumbi.

"A Kalaliki, apapa akuti chiyani?"

"Mwawerengatu, madala."

"Ndawerenga, koma ndikufuna ndimve ndi makutu. Mwina maso akalamba."

"Akuti mtengo watsika."

"Watsika kupita kuti? Unali kale pansi. Akumba dzenje?"

"Ine ndimangomata, madala. Wolemba ali ku tawuni."

"Ndiye mukamamata dzanja silinjenjemera?"

"Linkanjenjemera kale. Pano linazolowera. Tsitsani chigubu, kumbuyoku kuli anthu."

Atatula mkaka, ludzu ndi mkwiyo zitawagwira, analowa mu golosale yoyandikana ndi thanki kuti agule madzi akumwa. Kabotolo kakang'ono, koti mwana amamaliza asanapume. Wamugolosale atatchula mtengo, a Mesenjala anagwira kauntala ndi manja onse awiri. Kabotolo ka madzi kanali kodula kuposa lita ya mkaka wa Dona. Madzi! Chinthu chosafuna nsenjere, chosafuna madeya, chosaponda munthu ndi mwendo wakumbuyo! Atacheuka anaona mu fuliji timapaketi ta mkaka ta kampani yomwe ija, theka la lita, mtengo wake kanayi kuposa umene iwo amalandira pa lita yathunthu. Pa paketipo anajambulapo ng'ombe ikuseka. A Mesenjala anaiyang'anitsitsa ng'ombe ija, ndipo mpaka lero amalumbira kuti imaseka iwowo.

Madzi aja sanagule. Anapalasa njinga ndi ludzu lawo.

Kunyumba mayi anamvetsera nkhani yonse akudula nsenjere pa chipika, chikwanje chikutsika mofanana, kha, kha, kha. Bambo atamaliza, mayi anabaya chikwanje pa chipikapo.

"Bambo, ine khosi langali linali lalitali. Munandikwatira ndili ndi khosi. Onani pano, mutu wakhala pamapewa chifukwa cha mitolo ya mkazi mnzangayu. Mwezi watha ndalama ya madeya inachokera ku tomato wanga. Mwezi winawo inachokera ku nkhuku zanga. Ndiye tamvani. Mwezi uno ukatha Dona asanadzigulire yekha chakudya, ndiitana achimwene."

Apa a Mesenjala anacheukira ku khola. Achimwene a mayiwo ndi a butchala. Munthu wamkulu thupi, wa chala chimodzi chachifupi, amene akabwera kudzacheza Lamlungu sayamba wapereka moni kwa anthu. Amayamba wazungulira khola, n'kumayang'ana matako a Dona mwachikondi choopsa, kenako n'kuti, "Alamu, mlendoyu akunenepatu bwino." Dona naye amamudziwa. Akangomva fungo lake amapita kukaima pakona.

Lachitatu alimi onse anakumana kuseri kwa thanki, anthu ngati makumi anayi, aliyense atatsamira njinga yake. Anadandaula, anatukwana, wina analira pang'ono. Kenako a Mesenjala anaimirira. Musaiwale kuti munthuyu anamva zoyankhula za mabwana zaka makumi awiri ndi zitatu, ataima pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Zonse zija zinali m'mimba, zikudikira tsiku lake. Anakonza kolala, anatsokomola kawiri ngati bwana wamkulu, n'kuyamba ndi mawu akuti "poyamba penipeni." Anayankhula mphindi makumi anayi. Pomaliza anthu anali atawasankha kale kukhala tcheya, ndipo mfundo inali imodzi: sitalaka. Palibe wobweretsa mkaka ku thanki mpaka kampani itakweza mtengo.

Amene anakuwa kwambiri anali a Neba, oyandikana nawo mpanda, a ng'ombe zitatu. "Ngakhale dontho, a tcheya! Amene abweretse mkaka kuno, ine ndidzamuthira nawo kumutu!"

Tsiku loyamba la sitalaka linali lokoma. Banja linamwa tiyi woyera ngati laimu. Galu anamwa. Mphaka anamwa mpaka kugona chagada pakhonde. A Mesenjala anati, "Mwaona? Zaka zonsezi timapatsa anthu a ku tawuni zinthu zabwino ngati izi."

Tsiku lachiwiri mapoto onse anadzaza. Tsiku lachitatu ketulo, ndowa yotungira madzi ndi beseni losambira zinalowa usilikali. Mayi ananyamula chigubu kukayenda khomo ndi khomo mu mseu wa kumsika, n'kupeza akazi a alimi ena ali kale komweko, aliyense ndi chigubu chake, akupikisana kugogoda pa zitseko zomwezo. Ogula ataona choncho anayamba kunenerera mtengo wotsika kuposa wa kampani. Pofika tsiku lachinayi anthu akaona munthu wa chigubu amatseka chitseko n'kuuza ana kuti anene kuti kulibe anthu. Mkaka wa dzana unasasa, wa dzulo unali m'njira yomweyo, nyumba yonse inkanunkha ngati thewera. Galu atamuikira mbale anainunkhiza, n'kuyang'ana a Mesenjala m'maso, n'kupita kukagona kwa a Neba.

Ndipo m'mawa uliwonse, madzulo aliwonse, Dona amaima m'khola bere lili ndendende, akudikira.

Tsiku lachisanu mayi anafuna kusamba, n'kupeza beseni lili ndi mkaka.

"Bambo."

"Mayi."

"Ndisambe mu chiyani? Mu chipewa chanu?"

"Pirirani, mayi. Nkhondo ili pakati."

"Nkhondo yake yomenya ife tomwe? Tandiuzani, a tcheya. Pa msonkhano wanu uja, ng'ombe zinalipo? Dona munamuuza kuti kuli sitalaka? Chifukwa mmene ndikuonera ine, pakhomo pano amene sakumvera tcheya ndi iyeyu."

Mayi ananena monyoza. Koma a Mesenjala anaima chilili, maso akuwala ngati munthu amene waona masomphenya. Zoonadi! Sitalaka yanji imene antchito aima koma fakitale ikuyendabe?

Mlimi wa mkaka aliyense amadziwa kuumitsa ng'ombe. Ikatsala miyezi iwiri kuti ibereke, umaichotsera madeya, umachepetsa msipu wauwisi, umakama kamodzi pa tsiku, kenako kudumphitsa masiku, mpaka mkaka utaleka kuti ng'ombe ipume. A Mesenjala anali atachitapo zimenezi kangapo. Amadziwanso bwino lomwe kuti mkaka ukaleka choncho umabweranso pokhapokha ng'ombe itabereka. Koma iwo anati sakuumitsa ayi, akungochepetsako. Sabata imodzi yokha. Kampani ikagwada, adzatsegulanso.

"Bere si mpopi, bambo," anatero mayi.

"Ndikudziwa chimene ndikuchita."

"Mawu amenewo munanenanso tsiku lija munakonza wailesi."

A Mesenjala analowa m'khola, anavula chipewa, n'kumudziwitsa Dona mwaulemu wonse kuti kuyambira lero nayenso ali pa sitalaka. Madeya anakiyira m'nyumba. M'malo mwa nsenjere anamuikira mapesi ouma. Kukama, kamodzi basi.

Dona analira masiku awiri, kulira kwake koti mseu wonse unadziwa kuti kwa a tcheya kwagwa chinthu. Tsiku lachitatu anangokhala chete, akuwayang'ana a Mesenjala mmene bwana amayang'anira mesenjala amene wataya fayilo. Malita anayamba kutsika. Khumi ndi anayi anakhala asanu ndi anayi. Asanu ndi anayi anakhala asanu. Beseni linabwerera kubafa. Galu anabwerera kwawo.

Sabata inatha, kampani zii. Yachiwiri inatha, kampani zii.

Pa msonkhano wa Loweruka a tcheya anaima chifuwa chili patsogolo. "Ine kwathu ngakhale ng'ombe ili pa sitalaka. Nanga anzanga, mkaka mukuutani?"

Anthu anayang'ana matayala a njinga zawo.

"Tikumwa, a tcheya," anatero a Neba.

A Mesenjala anawayang'ana anthu aja mmodzimmodzi. Kwa anthu omwa malita makumimakumi pa tsiku, palibe ngakhale mmodzi amene tsaya linatukukako. Koma iwo ndi munthu wokhulupirira anzake, ndiye anangoti mwina ndi matupi awo.

Sabata yachitatu, m'mawa dzuwa litangotuluka, anapalasa njinga yopanda katundu kupita ku msika kukagula loko. Pa kanjira kodutsa kuseri kwa chigayo anapeza a Neba akukankha njinga, kumbuyo atamanga thumba lalikulu, pamwamba pake pakuoneka makala.

"A Neba, mwayamba geni ya makala?"

"Eee, a tcheya, n'kuvutika. Poti mkaka tinaimitsa."

Njinga inagunda mwala. Thumba la makala lija linati khuvuu.

A Mesenjala anatsika pa njinga yawo pang'onopang'ono. "Makala anuwa akulira ngati madzi."

"Ndi a mtengo wauwisi."

"Akudonthanso. Zoyera."

A Neba anayang'ana pansi pomwe madontho amagwera, anayang'ana kumwamba, anakanda m'khosi. "A tcheya, tiyeni tikambe ngati akuluakulu. Ine ng'ombe zanga ndi zitatu. Malita makumi anayi pa tsiku. Ndikamwa ndekha mudzandiika m'manda ndili woyera. Komatu musandione molakwika, mumtimamu sitalaka ndili nayo kwambiri."

"Mwayamba liti?"

"Ine ndinachedwa. Ndinayamba tsiku lachinayi."

"Munachedwa? Ndiye alipo anayamba msanga?"

Anapitira limodzi mpaka ku thanki. Chitseko chakutsogolo chinali chotseka bwinobwino, monga mwa pangano. Kuseri kunali mzere. Wina chigubu anachikulunga m'bulangete ngati wodwala wopita kuchipatala. Wina anachiika mu dengu n'kuphimba ndi masamba a mpiru. Mayi wina anachibereka kumbuyo, atachiveka ndi kachipewa komwe. Onse ataona tcheya anayamba kupatsana moni mwaulemu ngati angokumana mwangozi.

A Mesenjala anatembenuza njinga yawo. Anangoloza chala mzere wonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kukwera njinga. Loko sanagule.

Chodabwitsa n'chakuti sitalaka yobooka ngati imeneyi inagwirabe ntchito pang'ono. Poti aliyense amabweretsa mozemba, theka lokha, lole imabwerera thanki lisanadzaze. Patatha masiku atatu kunabwera kamnyamata ka tayi kuchokera ku kampani, kanayankhula za ubale ndi chitukuko, kenako a Kalaliki anamata pepala latsopano. Pa ndalama imene anadula ija, anabwezapo theka. Kunena zoona mtengo unali wotsikabe kuposa poyamba, koma anthu anavina ngati apatsidwa fakitale yonse. Anawanyamula a Mesenjala m'mwamba, a Neba ali patsogolo kuyambitsa nyimbo.

"Mawa tikuonani ndi chigubu chanu chija, madala," anatero a Kalaliki. "Kagalasi kanga kakusowani."

A Mesenjala anathamangira kunyumba. Anatsegula madeya, anathira mchere, anakamweta okha nsenjere yanthete. Analowa m'khola, anavulanso chipewa, n'kulengeza kuti sitalaka yatha, ntchito iyambike. Dona anadya zonse, sanasiye kanthu. M'mawa mwake anatenthetsa madzi, anatsuka bere, anakhala pa kampando.

Tso. Tso.

Anasisita. Anapempha. Anaimba nyimbo ya ku tchalitchi.

Tso.

Lita imodzi ndi theka. Tsiku lotsatira, kapu. Tsiku linalo, zoti mphaka anaziyang'ana n'kuona kuti n'zachipongwe. Bere lija linali litakwinyika ngati chikwama cha mphunzitsi pakati pa mwezi.

"Tsegulanitu mpopi uja," anatero mayi ali pakhomo la khola.

"Akufuna nthawi."

"Akufuna mwana, bambo. Ndipo bere la mwanalo alibe, poti munthu wobaya ng'ombe mbewu kuti zitenge bere munamubweza sitalaka ili m'kati, munati tcheya alibe nthawi. Ndiye werengani nokha. Miyezi isanu ndi inayi akudya ulere, kuyambira tsiku limene mudzamuitane."

Mwezi unatha Lachisanu. Loweruka m'mawa alamu anafika ndi chingwe chatsopano paphewa, kumbuyo kukubwera kagalimoto kobwereka. A Mesenjala anakhala pa kampando kokamira kaja kunja kwa khola, chipewa chili pa bondo. Sanatsutse. Mawu onse anathera pa misonkhano. Amangoyang'ana Dona, amene anali ataima kale pakona.

Alamu analowa m'khola. Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Anabaya nthiti ndi chala chachifupi chija, anatsina pa msana, anapukusa mutu ngati dokotala amene waitanidwa mochedwa.

"Alamu, mwamutani mlendoyu? Anali bwinobwinotu. Apa ndikugula mafupa ndi chikopa. Nthitizi munthu akhoza kuyanikapo zovala."

"Tchulani mtengo, achimwene," anatero mayi.

Alamu anayang'ana kudenga, anayendetsa milomo, n'kutchula.

Mayi anasendera pafupi.

"Mwati bwanji?"

Alamu anabwereza, n'kuwonjeza kuti, "Ndipotu ndakomera chibale. Wina akanakupatsani zochepa. Yakalamba iyi, chemwali. Nyama yake njofuna nkhuni zambiri."

"Umenewo ndi mtengo wa mbuzi ziwiri."

"Mbuzi zonenepa."

Mayi anamasula nsalu m'chiuno n'kuimanganso mothina. A Mesenjala, amene akhala nawo pa banja zaka makumi atatu, anasuntha kampando kawo kubwerera m'mbuyo.

"Achimwene, tandiyang'anani. Zaka zisanu ndi ziwiri ndasenza tchire lonse la kudambo kubweretsa m'mimba mwa ng'ombe imeneyi. Mvula, dzuwa, ine ndi chikwakwa. Njoka zonse za kumeneko zimandidziwa dzina. Ana ake anayi tinagulitsa, ana anga anaphunzira. Ndiye kampani indibere ku mawere, inu mudzandibere ku nthiti? Inu amene ndinkakuchapirani makabudula?"

"Chemwali, ndi bizinesi."

"Bizinesi yake mukachitire kwa a Neba, ali nazo zitatu! Tulukani m'khola mwanga!"

"Mwanga?" anatero a Mesenjala motsitsa, koma palibe anawamva.

"Munandiitana nokhatu," anatero alamu akubwerera chafutambuyo. "Galimotoyi ndalipira."

"Kwezanimo chingwe chanucho, chisayende pansi!"

Kagalimoto kanabwerera kopanda kanthu, alamu atakhala kumbuyo, akuyankhula okha ndi manja. Dona anachoka pakona paja, anapita pa chodyera, anapeza mulibe kanthu, n'kulira kamodzi mwaulamuliro.

A Mesenjala anayamba kumwetulira. Kumwetulirako kusanafike ku makutu, chikwakwa chinagwa pa mapazi awo.

"Mukusekerera chiyani? Mukuganiza kuti mwawina? Ng'ombeyi yatsala chifukwa palibe amene akufuna kulipira, basi. Kuyambira lero kudambo mukupita ndinu, mpaka tsiku limene adzabereke. Khosi langa likufuna limerenso. Pobwera mudzere kwa wobaya mbewu uja, mukamupepese."

"Nanga za utcheya, mayi? Lero masana kuli msonkhano wothokoza."

"Akathokoze makala."

A Mesenjala anatola chikwakwa, anavala chipewa. Atafika pa geti anacheuka.

"Tiyi alipo?"

"Alipo. Wakuda."

Anamwa chiimirire, akuwomba ndi pakamwa, kwinaku Dona akuwayang'ana kuti afulumire.